Kuchepetsa mayunitsi ndi makala otenthetsera madzi osamba kuno ku Salima

Mabanja ambiri okhala ndi giza, thanki yotenthetsera madzi ndi magetsi, amalimbana ndi mayunitsi posaka wakuba kolakwika. Amazimitsa mababu, amaletsa ana kuonera TV, koma mayunitsi amathabe mwezi usanafike pakati. Babu la masiku ano limadya mawati pafupifupi 10, pamene elementi, chitsulo chotenthetsa madzi m'giza, imadya mawati 2,000 kapena 3,000. Giza ya mawati 3,000 ikayaka ola limodzi yadya mayunitsi 3, ndipo babu lija liyenera kuyaka maola 300 kuti lifike pamenepo. Ena akatopa amathamangira kukagula giza ya sola, koma pakapita miyezi iwiri amapeza kuti ndalama ya magetsi sinatsike, kapena machubu ake a galasi asweka, kapena kushawa madzi akungodontha.

Kuno kunyanja madzi otentha timawafuna kwenikweni kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mwera ukamaomba. Miyezi inayo amafunikira makanda, okalamba ndi odwala. Dzuwa ndiye tili nalo lochuluka, n'chifukwa chake malo opangira magetsi a dzuwa a kampani ya JCM, a mamegawati 60, anatsegulidwa m'boma lino mu 2021. Kulipira ESCOM kuti malita 150 akhale otentha usana ndi usiku chaka chonse kuli ngati kusiya mphika pamoto tsiku lonse podikira nsima ya madzulo. Tsatirani ndondomekoyi monga ilili: yambani mwayeza, kenako tsekani potayikira, kugula kubwere pomaliza.

Zoti mukonzeretu

Zoyezera:
- kope ndi cholembera
- risiti yomaliza ya mayunitsi, kapena uthenga wa pafoni
- ndowa ya malita 20 ndi wotchi ya pafoni

Zokonzera giza yomwe muli nayo kale:
- bulangete lopangidwira giza
- zokutira mapaipi, zija zonga siponji yakuda, ndi tepi
- timer (kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa giza pa nthawi imene mwaika) yokhala ndi batire, yokwana mphamvu ya elementi yanu
- mawasha a mipopi, ndi mutu wa shawa wotulutsa madzi ochepa

Ngati mukupita ku sola:
- giza ya sola ndi choimikira chake, komanso machubu awiri apadera
- mapaipi a PPR (pulasitiki yopirira kutentha) a madzi otentha kapena a kopa
- valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira, ndi mavalavu otsekera
- pulambala woti anaikapo magiza otere, ndi wamagetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi

Ngati mumatenthetsa pambaula:
- zigubu za malita 20, penti wakuda, katoni kapena bokosi, pulasitiki yoonekera mkati, bulangete lakale

Yambani mwadziwa chimene chikukudyerani ndalama

1. Lembani mayunitsi otsala pamita madzulo alionse, ola lomwelomwelo, kwa masiku 3 giza ikugwira ntchito mwa nthawi zonse. Kenako zimitsani breaker ya giza, swichi yake ya pabokosi la magetsi, ndipo lembaninso masiku ena 3. Kusiyana kwa mayunitsi amene atha pa mbali ziwirizi mukakugawa ndi 3 ndiwo mayunitsi amene giza imadya patsiku.

Chenjezo: musayeze sabata imene kwabwera alendo kapena imene magetsi akuzima nthawi yaitali. Kusita ndi kuphika pa hotplate zichitike mofanana masiku onse 6. Mukagula mayunitsi pakatipa, lembani kuchuluka kwake, apo ayi masamu onse asokonekera.

2. Tengani risiti, gawani ndalama yonse imene munalipira ndi mayunitsi amene munapatsidwa. Umenewo ndiye mtengo weniweni wa yunitsi imodzi kwa inu. Musadalire mtengo wa chaka chatha, chifukwa mitengo ya magetsi imasintha MERA ikavomereza.

3. Ikani ndowa pansi pa shawa, tsegulani monga mumatsegulira posamba, dikirani mphindi imodzi, muone malita amene alowa. Pali kawerengedwe kamodzi koyenera kukalemba pachikuto cha kope lanu: malita, kuchulukitsa ndi madigiri amene madzi akwera, kugawa ndi 860, zimapereka mayunitsi. Thanki ya malita 150 kuichotsa pa madigiri 20 kufika pa 60 ndi mayunitsi pafupifupi 7. Ndowa ya malita 20 kuichotsa pa 22 kufika pa 40, kumene kuli kufunda kosambira bwino, ndi yunitsi yosakwana theka. Koma shawa yotulutsa malita 12 pamphindi, munthu akaimamo mphindi 8, yataya malita 96 ndi mayunitsi 2. Ndiye kuti munthu mmodzi wokonda kukhalitsa m'shawa amadya magetsi okwanira anthu asanu osambira ndowa. Aonetseni a m'nyumba mwanu manambala amenewa, chifukwa palibe chipangizo chingakupulumutseni ngati kasambidwe sikasintha.

Konzani giza yomwe ilipo musanagule ina

4. Itanani wamagetsi aike thermostat, kachipangizo kolamulira kutentha kwa madzi, pa madigiri 60. Magiza ambiri amapezeka ali pa 70 kapena kuposa, ndipo kutentha konse kowonjezerako kumangothawira m'siling'i.

Chenjezo: breaker izimitsidwe chivundikiro chisanatsegulidwe, pamenepo pali mawaya amoyo. Komanso musatsitse kuchepera pa 60 pofuna kupulumutsa zambiri. Tizilombo ta Legionella, timene timayambitsa chibayo choopsa, timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45. Pa 60 timafa.

5. Giza iziyaka nthawi yokhayo imene ikufunika. Elementi ya mawati 3,000 imatenthetsa malita 150 m'maola awiri ndi theka osakwana, ya mawati 2,000 m'maola atatu ndi theka. Ngati pabanja mumasamba 6 koloko m'mawa, timer iyatse cha m'ma 2:30 kapena 3:30 mbandakucha n'kuzima mukamayamba kusamba. Mudzamva ena akunena kuti kuzimitsa giza kumadya magetsi ambiri poiyatsanso. Si zoona. Madzi akamazizira amataya kutentha pang'onopang'ono kusiyana ndi pamene ali otentha kwambiri, choncho giza yozimitsidwa singadye kuposa yosiyidwa chiyakire.

Chenjezo: timer yotsika mtengo yopanda batire imaima magetsi akazima, ndipo akabwera imapitiriza pa ola lolakwika. Ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno, pakutha pa sabata imakhala ikuyatsa giza masana. Ngati ya batire simunaipeze, kuli bwino kuyatsa ndi kuzimitsa pamanja.

6. Kutani thanki ndi bulangete la giza, ndipo mapaipi a madzi otentha muwaveke zokutira, makamaka mamita awiri oyamba kuchokera pathanki. Giza yosakutidwa bwino imatha kutaya yunitsi imodzi kapena ziwiri patsiku popanda wotsegula mpopi. Musaphimbe valavu yotulutsa mpweya ndi madzi, ngakhalenso pamene pali mawaya.

7. Sinthani mawasha a mipopi yodontha ya madzi otentha. Tulukaninso panja muone kapaipi kamene kamachokera ku valavu ya giza. Kudontha pang'ono madzi akamatentha ndi momwe kanapangidwira, koma ngati kakungoyenderera usana ndi usiku, mukulipira kawiri: ku ESCOM ndi ku Central Region Water Board. Valavuyo isinthidwe.

Chenjezo lalikulu: kapaipi kameneka musakatseke ndi chitsotso kapena kukapinda. Ndiko kamateteza thanki kuti isaphulike.

8. Kukayamba kutentha, cha mu Seputembala, zimitsani giza kotheratu ngati m'nyumba mulibe woifuna. Madzi a pampopi nthawi imeneyo amafika ali ofunda kale. Podzaiyatsanso, onetsetsani kuti thanki ndi yodzaza, muisiye ifike pa 60, kenako mutsegule mipopi madzi akalewo atuluke anthu asanayambe kusamba.

Mukatha zonsezi bwerezani kuyeza kwa pa nambala 1. Mayunitsi amene atsalawo ndiwo sola ingakupulumutsireni, osati aja oyamba.

Sankhani chokuyenerani

9. Werengani ngati kugula kuli ndi phindu. Mayunitsi a patsiku, kuchulukitsa ndi masiku amene giza imayakadi pachaka, kuchulukitsa ndi mtengo wa yunitsi. Mtengo wonse wa giza ya sola, kuphatikiza mapaipi, mayendedwe ndi malipiro a amisiri, muugawe ndi ndalama ya pachakayo. Yankho ndi zaka zimene ndalama yanu idzabwerere. Banja lalikulu losamba madzi otentha chaka chonse, kapena malo ogona alendo monga a ku Senga Bay, ndalama imabwerera msanga. Banja la anthu atatu loyatsa giza miyezi inayi yokha likhoza kupeza kuti timer ndi bulangete zakwanira. Komabe pali phindu lina losaoneka pamasamu: sola imakupatsani madzi otentha ngakhale tsiku limene magetsi kulibe.

Ngati muli pa lendi, musakhome kanthu padenga la eni popanda mgwirizano wolemba wonena kuti gizayo ndi ya yani mukamadzasamuka.

10. Mitundu imene mukumane nayo ndi iyi. Giza ya machubu a galasi yopanda mphamvu ya mpopi ndiyo yotsika mtengo, madzi amatsika okha kuchokera padenga. Ya machubu yopirira mphamvu ya mpopi imadula, koma shawa imathamanga bwino, ndipo chubu chimodzi chikasweka madzi satayika. Ya galasi lafulati ndi yolimba, ndipo kumalo otentha ngati kuno imagwira bwino ntchito. Pa nyumba yanuyanu ine ndingakulangizeni kusankha pakati pa zitatuzi.

Heat pump, makina otenthetsa madzi pokoka kutentha kwa mumpweya, imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi amene elementi imadya, koma imadula, imafuna magetsi odalirika, ndipo musanaigule funsani kuti ikadzaonongeka adzaikonze ndani. Shawa yotenthetsa madzi pompopompo imatenthetsa okhawo amene mukusamba, koma imakoka mawati 3,500 kapena kuposa, choncho imafuna waya wakewake wonenepa, breaker yake ndi earth yabwino, waya woteteza wopita m'nthaka. Yolumikizidwa mwachisawawa imapha. Giza ya gasi iikidwe panja kapena podutsa mphepo, osati m'bafa lotseka, chifukwa mpweya wake woipa sununkha.

11. Musagule yaikulu mopitirira. Wosamba kushawa muwerengereni malita 50 a madzi otentha patsiku. Wosambira ndowa amangofuna malita 10 a madzi a madigiri 60, otsalawo ndi ozizira osakanizira. Banja la anthu 6 losambira ndowa, giza ya malita 100 ikwana ndi kutsukira mbale komwe. Kawirikawiri machubu 10 amayendera thanki ya malita 100, ndipo 15 ya malita 150. Giza yaikulu kwambiri kuno imangowira mu Okutobala ndi Novembala n'kumataya madzi.

Onaninso mkati mwa ketulo yanu. Ngati mumamatirira zoyera zolimba ngati laimu, monga zimachitikira ndi madzi a mijigo ina, zomwezo zidzadzaza m'machubu ndi pa elementi. Muuzeni wogulitsa zimenezi, ndipo funsani ngati thankiyo ili ndi kachitsulo koteteza dzimbiri kotchedwa anode, ndi kumene mudzapeze kena kakadzatha.

Kuika giza ya sola

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Tsiku loika musatumize mwana kuti aziyang'anira amisiri, mukhalepo nokha.

12. Yang'anani denga. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye giza ya malita 150 ikadzaza, pamodzi ndi thanki, machubu ndi zitsulo, imafika makilogalamu 200 kapena kuposa, onse pamalo amodzi. Kalipentala akwere m'siling'i aone ngati matabwa sanadyedwe ndi chiswe. Miyendo ya choimikira ikhale pamwamba pa matabwa olimba kapena pa khoma, osati pa malata pokha. Ngati denga ndi lokayikitsa, uzani wowotcherera akupangireni nsanja yachitsulo pambali pa bafa, miyendo yake yothiridwa konkire. Nsanja ilinso ndi ubwino woti simuboola malata.

13. Machubu ayang'ane kumpoto. Tili kumwera kwa equator, ndipo mu Juni ndi Julayi, pamene madzi otentha tikuwafunitsitsa, dzuwa limadutsa chakumpoto. Mukayang'ana kunyanja kotulukira dzuwa, kumpoto kuli kudzanja lanu lamanzere, mbali ya ku Nkhotakota. Apendeke madigiri 20 mpaka 25, kapena monga choimikira chake chinapangidwira ngati sichisinthika.

Chenjezo: amisiri ena amaika giza mbali imene ndi yosavuta kukwera, kapena yoonekera kumsewu kuti anthu aziona. Kanani. Yoyang'ana kumwera idzakutenthetserani madzi mu Disembala n'kukusiyani pamphepo mu Julayi.

14. Pasakhale mthunzi kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Samalani ndi mitengo imene ili kumpoto kwa nyumba, chifukwa mthunzi wake umatalika m'nyengo yozizira. Mtengo wa mango uli ndi vuto lachiwiri: mango akamapsa ana amagenda, ndipo mwala umodzi ndi chubu chimodzi. N'chifukwa chake ndanena kuti mugulirenso machubu awiri osunga, a muyeso womwewo.

15. Thanki ikhale yowongoka, osapendekera mbali imodzi, ndipo ikhale pafupi ndi bafa. Paipi ikatalika mumayamba mwataya madzi ozizira ambiri otenthawo asanafike. Pa giza yopanda mphamvu ya mpopi, chimene chimathamangitsa madzi ndi kutalika kokha, choncho thanki ikhale mamita awiri kapena kuposa pamwamba pa mutu wa shawa, ndipo mutuwo ukhale wa mabowo akuluakulu. Mutu wotulutsa madzi ochepa uja ndi wa giza ya mphamvu ya mpopi.

Pali vuto lina limene ambiri amalizindikira mochedwa. Ngati madzi ozizira akubwera ndi mphamvu ya Water Board pamene otentha akungotsika okha, posakaniza kushawa ozizira amagonjetsa otentha, nthawi zina mpaka kuwakankhira m'mwamba. Muuzeni pulambala kuti madzi ozizira a kubafa achokere pathanki ya pamwamba, kapena aikepo valavu yochepetsa mphamvu, kuti mbali ziwirizo zifanane.

16. Mapaipi a madzi otentha akhale a PPR kapena a kopa. PVC wamba amafewa n'kutseguka molumikizira. Akutidwe kuyambira pathanki mpaka polowera m'nyumba, ndipo zokutirazo zivekedwe tepi yosaonongeka ndi dzuwa, apo ayi zimafumbutuka. Potulukira madzi paikidwe valavu yosakaniza. Musalole kuti akuuzeni kuti ndi yosafunika. Madzi a madigiri 60 amasupula khungu m'masekondi ochepa, khungu la mwana msanga koposa, ndipo a sola m'chilimwe amatha kufika powira. Paipi yopumira ya pamwamba pa thanki ikhale yotseguka nthawi zonse.

17. Machubu alowe pomaliza, m'mawa kwambiri kapena madzulo, ndipo asanalowe akhale m'katoni mwake pamthunzi. Kumapeto kwa chubu kunyowetsedwe ndi madzi a sopo, n'kulowetsa mozungulitsa pang'onopang'ono kuti labala yotsekera isapindike. Yang'anani kunsi kwa chubu chilichonse: kuyenera kuwala ngati siliva. Kukakhala koyera ngati choko, chubucho chalowa mpweya, chibwezeni.

Chenjezo limene limaiwalika kwambiri: chubu chopanda madzi chikakhala padzuwa chimatentha koopsa mkati, ndipo mukathiramo madzi ozizira chimasweka nthawi yomweyo. Dzazani thanki dzuwa lisanakwere kapena litalowa. Lamulo lomweli likugwira ntchito madzi akasiya kutuluka m'mipopi. Ngati thanki yauma, tsekani valavu yolowetsa madzi, kuti akabwera masana asalowe okha. Mudzatsegule usiku.

18. Elementi yothandizira ikhale ndi swichi yakeyake pamalo oonekera, ndipo ikhale yozima. Ichi ndicho chimalekanitsa amene amapindula ndi sola ndi amene amadandaula. Elementi ikasiyidwa chiyakire imatenthetsa madzi usiku ndi m'mawa, dzuwa pomatuluka limapeza ntchito yatha kale, ndipo mwagula giza ya magetsi yokwera mtengo n'kuiika padenga. Muiyatse tsiku la mitambo lokha, cha m'ma 4 koloko masana mutagwira madzi n'kuona kuti sanafunde, kwa ola limodzi kapena awiri. Musaiyatse ngati simukutsimikiza kuti thanki ndi yodzaza, chifukwa elementi youma imapsa. Wamagetsi alumikize earth ku thanki ndi ku choimikira, poti ndi zitsulo zokhala pamwamba m'nyengo ya mphenzi.

Amisiri asanachoke, akuonetseni valavu iliyonse ndi ntchito yake, ndipo ndalama yomaliza muwapatse patapita tsiku lathunthu la dzuwa, mutaona kuti palibe podontha ndipo madzi atentha.

Ngati mulibe giza

Mabanja ambiri kuno, kaya ku Kamuzu Road, ku Chipoka kapena ku Lifuwu, amatenthetsa madzi pa makala kapena nkhuni, ndipo thumba la makala nalo silikutsika mtengo. Dzuwa lomwe lija likhoza kukugwirirani gawo lalikulu la ntchitoyi.

19. Tsukani bwino chigubu cha malita 20 chimene munali mafuta ophikira, chipenteni chakuda kunja kokha, chiume masiku angapo. Musayerekeze kugwiritsa ntchito chigubu chimene munali mankhwala a thonje, petulo kapena dizilo, ngakhale mutachitsuka kangati.

20. Dzazani m'mawa, ikani m'katoni kapena m'bokosi lotseguka pamwamba, pansi mutayala thabwa kapena masaka, n'kuphimba ndi pulasitiki yoonekera mkati. Ikani pamalo a dzuwa koma obisika ku mwera, monga kumpoto kwa khoma la nyumba. Mphepo ndiyo imaba kutentha, ndipo bokosi lija ndi lotchinga mphepoyo. Chitsekero musachimange kwambiri.

21. Cha m'ma 3 koloko masana chotsani chigubucho padzuwa, chikuteni ndi bulangete lakale ndipo chiikeni m'nyumba. Pofika madzulo madzi amakhala akadali ofunda. Ngati mukufuna otentherapo, wiritsani malita ochepa okha n'kusakaniza, osati ndowa yonse pamoto. Poto akhale wovundikira nthawi zonse, ndipo gwiritsani ntchito makala otsala mukatha kuphika m'malo mosonkha moto wina. Amene mumaphikira nkhuni, Chitetezo Mbaula imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa.

Madzi a m'chigubu chopenta ndi osamba ndi kutsukira, osati akumwa, ndipo agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo. Ndikupemphaninso ndi mtima wonse: zotenthetsera zopanga nokha zija, za mawaya oviika m'ndowa, zitayeni. Mwana akapisa dzanja kuti aone ngati madzi afunda, palibe mwayi wachiwiri.

Kusamalira

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba fumbi limachuluka. Pukutani machubu kapena galasi ndi nsalu yonyowa kamodzi pamwezi, m'mawa kusanatenthe. Mukamachoka pakhomo kwa masiku angapo, phimbani machubu ndi mphasa kapena lona yomangidwa bwino kuti madzi asamawire mpaka kuuma. Mu Okutobala mukaona nthunzi ikutuluka pa paipi yopumira tsiku ndi tsiku, phimbani machubu ena. Kamodzi pachaka, makamaka mu Epulo kuzizira kusanayambe, pulambala aone malabala, anode, zoyera zomatirira ndi mabauti a choimikira. Mwera umagwedeza chilichonse chimene sichinamangidwe bwino.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kusiya giza yakale yamagetsi ikuyakabe pambuyo poika ya sola. Zimachitika pamene pulambala walumikiza bafa limodzi lokha ku sola, khitchini n'kutsala ku yakale. Funsani mpopi uliwonse kumene ukutenga madzi, ndipo breaker ya giza yakale izimitsidwe.

Kuweruza sola ndi madzi a m'mawa. Anthu akasamba madzulo, madzi ozizira amalowa m'thanki n'kusakanikirana ndi otsalawo usiku wonse. Osamba m'mawa amapeza ofunda chabe n'kuthamangira kuswichi. Gwirizanani pabanja kuti ambiri azisamba nthawi imodzi, makamaka madzulo, kapena werengerani zimenezi posankha kukula kwa thanki.

Kutsuka mbale ndi kuchapa pansi pa mpopi wa madzi otentha wongotsegula. Tungirani m'beseni.

Kugula popanda risiti ndi pepala la chitsimikizo, kapena kugula mtundu umene machubu ndi malabala ake sapezeka. Funsani za zida zosinthira musanapereke ndalama.

Kuchedwa kutseka valavu chubu chikasweka. Pa giza yopanda mphamvu ya mpopi, chubu chimodzi chikasweka thanki yonse imakhuthukira padenga, ndipo madzi amapitiriza kulowa n'kumatayika. Aliyense wamkulu m'nyumba adziwe valavu yotsekera ili pati. Zimitsani elementi, phimbani machubu otsalawo, ndipo chubu chatsopano chilowe madzulo.

Kuboola malata osamata bwino. Bowo lililonse la bauti kapena paipi limatidwe, ndipo mvula yoyamba ikagwa kwerani m'siling'i ndi tochi muone ngati sipakudontha.

Kusayezanso. Patapita mwezi chiikireni, bwererani ku kope lanu, lembani mita masiku 3 ngati poyamba paja. Ngati mayunitsi sanatsike ndi kuchuluka kumene giza inkadya, yambani mwayang'ana swichi ya elementi, kenako breaker ya giza yakale, musanaimbire pulambala.